Mutu 7: Tsiku Limene Anagoneka Wodi

1. Lonjezo

Mtsikana amene sukulu ya unamwino inamutumiza kudzaphunzira ntchito pachipatala cha odwala matenda a maganizo anali wamng'ono thupi, moti yunifolomu inkachita kumumeza. Alonda a pageti ndi amene anayamba kumutchula kuti Kanesi. Pasanathe sabata, ngakhale odwala ankamuitana choncho, ndipo iye sankadandaula nalo dzinalo.

Mu wodi ya amayi munali wodwala wina amene ankagwirizana naye kwambiri. Asanadwale ankasoka zovala pakhonde la sitolo, ndiye onse ankawatchula kuti a Telala. Matenda anawagwira amuna awo atamwalira. Anasiya kudya, anasiya kugona, anayamba kuyankhula ndi makina osokera ngati ndi munthu, mpaka abale anawabweretsa atawamanga manja ndi nsalu.

Koma zimenezo zinali zakale. Tsopano ankagona bwino, ankasamba okha, ankaseka nthabwala. Kanesi akawabwereka singano n'kukhala nawo pafupi, mabatani onse othothoka a mu wodimo ankabwerera m'malo mwake.

A Telala anali ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana wa kupulayimale amene mano ake akutsogolo anali atangomera kumene. Chilowereni m'chipatala anali asanamuone.

Lamlungu kunabwera alamu awo, mlongo wawo wa malemu amuna awo. Anali mayi wosazungulira poyankhula, koma sanali wankhanza. Kanesi anali pomwepo akuyala bedi lapafupi, ndipo anamva zonse.

"Alamu, ine sindibisa mawu," anatero mlendoyo. "Tchuthi changa chatha. Lachitatu ndikubwerera kwathu, ndipo mukudziwa kuti ndi kutali, munthu sangamangobwera ngati akupita kumsika. Mwanayu ndi magazi a achimwene anga. Sindingamusiye akungogona m'makomo mwa anthu. Lachitatu m'mawa ndibwera naye kuno ndisanakwere basi. Ndikakupezani muli bwino ngati lero, ndimusiya kwa achemwali anu, akudikireni mpaka mutuluke. Ndikakupezani zina, musandide, ndikwera naye."

Mlendo atapita, a Telala anamugwira Kanesi pamkono. Pempho lawo linali limodzi. Pachipatalapo odwala onse ankavala zovala zofanana, zazikulu, zopanda maonekedwe, ndipo zovala zawozawo zinkatsekeredwa m'chipinda chosungiramo katundu.

"Ine ndasoka madiresi a akwatibwi, anesi," anatero akukoka nsalu ya pachifuwa pawo. "Mwana wanga asadzandione nditavala thumba ili. Mukandipemphereko diresi langa la tsiku limodzi lokha."

"Musadandaule, mayi. Ndikawauza a Sisita. Lachitatu mudzatchena mpaka adokotala adzakupatsani moni kawiri."

Kulonjeza n'kosavuta ngati kumwa madzi. A Sisita, namwino wamkulu wa wodiyo, sanali munthu woyamba naye nkhani wamba. Lolemba Kanesi anawapeza atakwinya nkhope, anati ndiwauza mawa. Lachiwiri anawapeza akukangana ndi a kukhitchini, anatinso mawa. Lachitatu linafika asananene kanthu.

2. Kugoneka wodi

Lachitatu lomwelo ndi limene pankayamba maphunziro a ufulu wachibadwidwe wa odwala. Akuluakulu a chipatala analamula kuti aliyense akakhalepo: anamwino, othandizira, okolopa, ngakhale ophunzira. Wokhalapo Lachitatu ndi Lachinayi osadumphako adzalandira satifiketi. Wojomba ngakhale theka la tsiku, wagwa nayo.

Kanesi ankaifuna satifiketi imeneyo ndi mtima wonse. Anamwino omaliza sukulu anali ambiri, ntchito zinali zochepa, ndipo pepala lililonse linkathandiza. Amayi ake anali atauza kale anzawo onse a kutchalitchi kuti mwana wawo akuphunzira zaufulu.

Chimene akuluakuluwo anaiwala kufunsa n'chakuti, onse akapita kuholo, odwala atsala ndi ndani? Mu wodi ya amayi anadzipereka kutsala ndi a Sisita eni ake, pamodzi ndi wothandizira mmodzi, mayi wojintcha amene ankayenda ndi mulu wa makiyi m'chiuno, mpaka dzina lawo linangokhala a Makiyi.

Wodi imeneyi inali ndi kachitidwe kake kosalembedwa paliponse. Tsiku limene antchito achepa, kaya kuli maliro a mnzawo, kaya msonkhano, odwala onse oyendayenda ndi olongolola ankabayidwa jakisoni wa tulo m'mawa. Adokotala ankalola kuti mankhwalawo aperekedwe wodwala akavuta, koma woona kuti wavuta anali amene ali pantchito. Eni ake ankati uku n'kugoneka wodi. Palibe ankachita nazo manyazi, chifukwa aliyense anazipeza zili choncho.

A Telala anadzuka anzawo onse ali m'tulo. Anasamba, anapesa tsitsi mosamala, anayala bedi lawo ngati pakubwera nduna. Kenako anayamba ulendo wochoka pawindo kupita pakhomo, kuchoka pakhomo kubwerera pawindo. Ataona kuti dzuwa likukwera diresi osaoneka, anakagogoda pa ofesi.

"A Sisita, zikomo. Diresi langa lija."

"Diresi lanji? Kakhaleni pabedi, mayi."

Anapita, koma sanakhalitse. Anabweranso kudzagogoda. Ulendo wotsatira mawu awo anakwera, ndipo odwala ena anayamba kudzutsa mitu.

"Awa ayambanso," anatero a Sisita akutsegula kabati ya mankhwala. "A Makiyi, awanso tiwawerengere."

Apo m'pamene Kanesi anatsegula pakamwa, mochedwa ndi masiku.

"A Sisita, amayiwa sikuti matenda abwerera ayi. Lero kukubwera mwana wawo. Alamu awo anati akawapeza ali bwino amusiya, koma akawapeza..."

"Khala pansi, mwanawe."

Kanesi anakhala. A Sisita anatseka chitseko, n'kuloza pakamwa pawo.

"Ukuliona dzino ili? Si langa, ndi loikirira. Langa linatsala pansi pa bedi lapakona apo, tsiku lina nditatsala ndekha ngati lero. Amene anandimenya anali mayi wofatsa, woimba nyimbo za kutchalitchi. Nayenso ankati akudikira mwana. Muno aliyense akudikira munthu. Wina akudikira mwamuna amene anakwatira kale kwina. Wina akudikira amayi ake amene anaikidwa m'manda chaka chatha. Achibale amalonjeza kuti tibwera Lachitatu, ife timaona Lachitatu likudutsa. Ukamakhulupirira aliyense, mtima wako suchedwa kutha.

"Lero ndatsala ndi manja awiriwa ndi a Makiyi basi, pamene odwala adzaza mpaka ena akugona pansi. Mmodzi akayamba kugogoda zitseko, anzake onse amadzuka. Wina akaswa galasi n'kudzicheka, amene akuyankhula zaufulu kuholoko sadzabwera kudzakolopa magazi. Adzafunsa ine. Usaganize kuti ndimadana nawo anthu awa. Ndikanadana nawo ndikanachoka kalekale ngati anzanga onse. Koma mutu umodzi susenza denga."

Anapuma pang'ono, n'kumuyang'ana Kanesi m'maso.

"Ngati ukufuna asabayidwe, njira ilipo. Tsala. Ukhale nawo phazi ndi phazi mpaka alendo awowo abwere, ngati abwere n'komwe. Diresi ndikupatsa pompano. Koma kuholo akulemba mayina pakhomo, ndipo satifiketi sapatsa munthu wojomba. Sankha wekha, ine sindikukakamiza."

Panja anzake anali akudutsa m'khonde, nsapato zikulira. Mmodzi anasuzumira pawindo la ofesi.

"Kanesi, tiye. Mipando yakutsogolo itha."

Kanesi anayang'ana pawindo, anayang'ana kabati ya mankhwala.

"Mwina alendowo abwera mochedwa," anatero motsitsa mawu. "Mankhwala adzakhala atatha mphamvu."

Ankadziwa kuti alendowo anati m'mawa. A Sisita nawonso ankadziwa kuti mankhwala amenewo satha mphamvu dzuwa lisanapendeke. Koma palibe anamutsutsa mnzake.

"Ndiye kawaitane," anatero a Sisita. "Amakumvera iwe."

3. Chipinda chapambali

"Mayi, tiyeni uku," anatero Kanesi.

Nkhope ya a Telala inawala. "Diresi lija?"

"Tiyeni kaye."

Kanesi sanavomere, sanakane. Amayiwo anamutsatira akumwetulira, akusalaza tsitsi ndi dzanja. Atalowa m'chipinda chapambali anaona a Makiyi ataima kuseri kwa chitseko, ndi jakisoni ali m'kambale kachitsulo. Kumwetulira kunathera pomwepo.

"Lero lokha ayi," anatero. "A Sisita, ndapota nanu. Mawa mudzandibaye kawiri, sindidzakana. Diresi ndalisiya, ndivala chomwechi. Ndikakhala pabedi ngati mwala, simundimvanso."

"Ndi kakang'ono chabe, mayi, koti mtima ukhale m'malo," anatero a Sisita.

A Makiyi anawagwira m'mapewa. Kanesi anauzidwa kuti agwire dzanja, ndipo anagwira. A Telala sanalimbane ndi munthu. Anangotembenuza mutu n'kumuyang'ana mtsikanayo.

"Anesi, auzeni. Inu munalipo alamu anga akuyankhula. Auzeni kuti sindikunama."

Kanesi anayang'ana pansi. Dzanja limene analigwira linali lotentha, ndipo linamufinya zala mpaka jakisoni atatuluka. Atawagoneka pabedi, iye anasamba m'manja, n'kuthamangira kuholo. Anapeza mpando wapafupi ndi windo.

4. Mawu a mkulu uja

Anthu ankayembekezera mphunzitsi wa suti ndi kompyuta. M'malo mwake kutsogolo kunaima bambo wokalamba, wa imvi mutu wonse, atavala jekete lomukulira. Sanalembe kanthu pabolodi. Anadikira mpaka phokoso la mipando litatha.

"Ana anga, ine si dokotala," anayamba motero. "Ndinali mphunzitsi wa masamu. Kenako ndinadwala, ndinagona m'chipatala ngati chino. Ndiye zimene ndikuuzenizi sindinaziwerenge m'buku.

"Munthu akalowa pageti paja amavula zovala zake, koma savula umunthu wake. Ufulu umene tikunena pano si chinthu chachilendo. Ndi tinthu tating'ono timene inu nomwe mumafuna. Kumuitana munthu mwaulemu. Kumuuza mankhwala amene mukumupatsa ndi chifukwa chake. Kumupempha musanamugwire. Kumulola kuti aonane ndi abale ake ali ndi nzeru zake. Musandimve molakwa, mankhwala ndi abwino. Ine anandichiritsa, mpaka lero ndimamwa. Ilipo nthawi imene munthu afuna kudzivulaza kapena kuvulaza mnzake, njira zina zonse zakanika, ndipo jakisoni amapulumutsa moyo. Koma mankhwala ndi a wodwala. Tsiku limene mudzabaye munthu kuti inuyo mupume, dziwani kuti wothandizidwa ndi inu, koma thupi lobayidwa ndi lake.

"Ndikudziwa kuti ndinu ochepa. Ndikudziwa kuti mumatopa, ena mwa inu muli ndi zipsera. Zimenezo kawauzeni akuluakulu mokweza, nanenso ndikuthandizani kukuwa. Koma kuchepa kwanu asakuvutikire wodwala, chifukwa si iye amene amalemba anthu ntchito.

"Ndipo chenjerani ndi ichi. Munthu akangotchedwa wamisala, chilichonse chimene angachite chimasanduka matenda. Akalira, akuti matenda. Akaseka, matenda. Mukamuponda phazi iye n'kukwiya, matendanso. Inu bwana wanu akakulonjezani tchuthi n'kuiwala, simukhala pansi. Mumayendayenda pakhomo la ofesi, mumagogoda, mawu amakwera. Ndani anakubayanipo?"

Holo yonse inaseka. Kanesi sanaseke.

"Akale anati wamisala anaona nkhondo," anapitiriza mkuluyo. "Musanatsegule kabati ya mankhwala, yambani mwamufunsa munthuyo kuti, kodi chavuta n'chiyani? Mwina waona chimene inu simunaone. Ndipo inu achinyamata, ndikuuzeni mwapadera. Odwala amakukhulupirirani msanga, chifukwa mitima yanu sinaume. Chimenecho ndi chuma, akulu ambiri anachitaya kale. Chikhulupiriro chimenecho musachisandutse chingwe chowakokera nacho kumene iwo sakufuna."

Anthu anawomba m'manja. Kanesi anatembenukira kuwindo kuti anzake asaone nkhope yake. Ndipo panjira yochokera pageti anaona mayi atanyamula chikwama chachikulu chaulendo. Pambali pake pankayenda kamtsikana ka diresi lachikasu, kakudumphadumpha kuti kafanane naye mayendedwe.

Kanesi anaimirira. Mlembi amene anakhala pakhomo anatambasula mwendo.

"Nthawi yopuma sinakwane. Ukatuluka ndikufufuta."

"Fufutani," anatero Kanesi, n'kudumpha mwendowo.

5. Alendo

Anawadutsa alendowo pakhonde, n'kulowa mu wodi akupuma mwawefuwefu. Munali zii ngati mulibe anthu. Wodi inali itagonadi.

A Telala anali chagada, kukamwa kuli yasa, malovu akutsikira pakhosi. Tsitsi limene analipesa m'mawa linali litaphwanyikira mbali imodzi. Kanesi anawagwedeza. Anawawaza madzi kumaso. Anawaitana kukhutu, anayesa kuwakhazika tsonga, koma mutu unkangogwera pachifuwa. Maso anatseguka pang'ono, koyera kokhakokha, n'kutsekekanso.

Kukhomo a Sisita anali ataima ndi alendo. Nkhope ya a Sisita inali itagwa, chifukwa sankakhulupirira kuti abweradi.

"Akupuma pang'ono," ankatero. "Mwina mukanadikira panja."

"Ndabwera kudzaona ndi maso anga," anayankha alamu aja, ndipo analowa.

Mwanayo ndi amene anafika poyamba pabedipo. Anaima, manja ali kumbuyo, ngati mwana woti alakatule ndakatulo kusukulu.

"Amayi."

Palibe chinachitika.

"Amayi, ndine. Ndabwera."

Ananyamula dzanja la amayi ake, ndipo atalisiya linagwa pabedi lokha. Anayang'ana malovu aja kwa kanthawi. Kenako anakweza mpendero wa diresi lake lachikasu n'kuwapukuta pakamwa, pang'onopang'ono, monga mmene iwo ankamupukutira iye ali wamng'ono.

"Azakhali," anatero osatembenuka, "amwalira ngati abambo?"

"Ayi, ayi, agona chabe," anatero Kanesi atagwada pambali pake. Kenako anayang'ana kwa azakhaliwo. "Mayi, ndi mankhwala awa. M'mawa anali bwinobwino. Anasamba okha, anapesa tsitsi, ankakudikirani pawindo. Ndikulumbira, anali bwino kuposa Lamlungu."

"Nanga munthu wabwinobwino mumamubayiranji?"

Kanesi anayang'ana kwa a Sisita.

"Mukadikira mpaka madzulo adzuka," anatero a Sisita. "Mudzayankhula nawo."

"Basi sidikira munthu, ndipo mawa m'mawa ndikufunika kuntchito." Mayiyo anaika chikwama pansi, misozi ili m'maso. "Musaganize kuti ndikukondwa. Ndabwera njira yonseyi ndikupemphera kuti ndiwapeze atakhala tsonga, kuti ndikwere basi ndekha. Kwathu ndili ndi ana anga, nyumba ndi yaing'ono. Kulanda mwana wa munthu wamoyo si chinthu chabwino, ndikudziwa. Koma ine sindinaphunzire za matenda awa. Odziwa ndinu. Ngati inu a chipatala mwaona kuti munthuyu ndi wofunika kumugoneka dzuwa lili pamutu, ine ndine yani kuti ndinene kuti wachira? Lero mukundiuza kuti ali bwino. Mawa akatuluka n'kuyambiranso, mwanayu ali yekha m'nyumba, mudzakhalapo inu? Achimwene anga adzandifunsa chiyani kumene aliko?"

Mayiyo anawerama, anawakonzera alamu awo bulangete, n'kunyamula chikwama.

"Tiye, mwanangu. Tsanzika."

Mwanayo sanalire. Anagoneka tsaya lake pachifuwa cha amayi ake kwa kanthawi, ngati akumvetsera. Podzuka anamukoka Kanesi yunifolomu.

"Akadzuka muwauze kuti ndinabwera. Muwauzenso kuti ndimatha kulowetsa ulusi pasingano ndekha."

"Ndiwauza."

"Musaiwale."

A Makiyi anawatsegulira chitseko, anatsekanso. Iwonso anali akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

6. Atadzuka

A Sisita anakhala mu ofesi nthawi yaitali atagwira mutu. Pamene anamuitana Kanesi, mawu awo anali osasa, opanda ukali.

"Akadzuka uwauze kuti alendo sanabwere. Timatero. Akamva kuti anabwera n'kupita, muno simugonedwa, ndipo ndidzakakamizika kuwabayanso. Madzi akatayika saoleka, mwanawe. Chatsala n'kuwasungira mtendere."

"Ndiye aziganiza kuti mwana wawo sanawafune?"

"Aziganiza kuti basi inawathawa, kaya chiyani. Adzaiwala."

Kanesi anatuluka osavomera. Anakoka mpando n'kukhala pambali pa bedi la a Telala. Anakhala pamenepo masana onse, phazi ndi phazi, ntchito yomwe ija anaikana m'mawa pamene inali ndi phindu. Satifiketi inali itapita, mwana anali atapita. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti wovumbwa kwambiri sanali iye. Analira mwakachetechete mpaka kolala ya yunifolomu inanyowa.

Anzake anabwerako kuholo akuyamikira mkulu uja kuti amatha kuyankhula. Wina anafunsa kuti mu wodi mwayenda bwanji, a Makiyi anangoti mwayenda.

Dzuwa litapendeka, a Telala anasuntha mwendo. Anatsegula maso movutikira, lilime likulemera. Kanesi anawamwetsa madzi. Iwo anayang'ana pawindo, anaona kumene kuwala kwafika pakhoma, ndipo anayesa kudzuka mofulumira.

"Ndagonereza. Anesi, afika?"

Ofesi inali pafupi, chitseko chake chili chotsegula. Kanesi anayang'ana komweko, kenako anatembenukira kwa amayiwo.

"Anabwera, mayi."

"Ali panja?"

"Apita. Apita naye."

A Telala sanakuwe. Kanesi akanakonda akanakuwa, akanamutukwana, ngakhale kumumenya. Iwo anangobwerera pa pilo pang'onopang'ono, n'kuyang'ana kudenga.

"Anandiona chonchi?"

"Eya."

"Anachita mantha?"

"Anakupukutani pakamwa ndi diresi lake. Wanena kuti ndikuuzeni kuti anabwera. Wanenanso kuti amatha kulowetsa ulusi pasingano yekha."



"Wamuphunzitsa ndani? Ndimati ndidzamuphunzitsa ine."

Anatembenukira kukhoma. Analira kulira kopanda mawu, kumene kumagwedeza msana wokha, chifukwa ngakhale pa chisoni chotere ankaopa kuti akamveka anena kuti avuta. Zimenezi ndi zimene zinamuswa mtima Kanesi koposa zonse. Anafuna kuwagwira paphewa, koma dzanja lake linabwerera panjira.

Patapita nthawi anatembenukanso. Maso awo anali ofiira, koma anali maso a munthu wanzeru zake zonse.

"Anesi, mutandigwira dzanja muja, ndinakuonani mukuthamanga. Munkathamangira kuti?"

"Kumaphunziro, mayi."

"Maphunziro a chiyani?"

Kanesi anaweramitsa mutu.

"A ufulu wa odwala."

A Telala anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanaseke, sanakwiye.

"Atha?"

"Mawa aliponso."

"Ndiye mawa munditengeko. Ndikaumve ufulu wangawo mmene ulili. Akamaliza iwo, nanenso ndili ndi mawu."

Wodwala sankatuluka mu wodi imeneyo popanda chilolezo cha namwino wamkulu, ndipo chiyambire palibe wodwala analowapo muholo ya antchito. Kanesi anatembenuka kuti aone ngati wina wamva. A Sisita anali ataima kumapazi kwa bedi, manja atapinda pachifuwa, ndipo zinkaoneka kuti afika kale.

"Ukundiyang'aniranji ine?" anatero a Sisita motsitsa mawu. "Uwayankhe. Akufunsa iwe."